Ndinasunga ndekha mbewu ya tomato, koma wabereka mitundumitundu: walakwa ndani?

Funso

Zikomo alangizi. Ndine mayi wa ku Epworth, pafupi ndi Harare ku Zimbabwe, ndili ndi kadimba komwe ndimalima tomato wokagulitsa kumsika wa Mbare mu Harare. Chaka chatha ndinagula pamsika tomato wokongola kwambiri, wotalikirapo, wolimba, yense wofanana ngati mazira. Ndinasankhapo zipatso zisanu, n'kufinya njere zake n'kuyanika. Ndinafesa mu Epulo ndipo mu Meyi ndinawokera mbande 200. Pano ndayamba kuthyola, koma zomwe zatuluka zandizunguza mutu. Wina ndi wobulungira, wina wautali wosongoka, wina ali ndi khosi ngati peyala. Winanso ndi wophwatalala, wamizeremizere ngati dzungu, kunsi kwake kuli zipsera. Ogula akundigula motchipa ati bokosi silikufanana. Aneba anga amalima tomato wamkulu wobulungira, kodi mungu wawo ndi umene wandiwonongera? Ena akuti ndi feteleza, ena akuti ndi GMO. Ndichite chiyani?

Yankho

Mayi, mtima m'malo. Tomato ameneyo ndi wabwinobwino kudya, dothi lanu silinawonongeke, ndipo aneba musayambane nawo chifukwa alibe mlandu. Mnofu wa tomato umakula kuchokera ku kachiberekero ka duwa, kamene ndi thupi la mtengo wobereka. Mungu wochokera kwina umangolowa m'njere, suumba chipatso. Zili ngati nkhuku: mtundu wa dzira umatengera thadzi, tambala amadzaonekera mwa mwanapiye. Anthu amasokonezeka chifukwa cha chimanga, pomwe timaona maso achikasu pachisononkho choyera ngati pafupi pali munda wa chimanga chachikasu. Kumeneko chimene timaona ndi njere zenizenizo. Pa tomato timaona mnofu. Komanso duwa la tomato kawirikawiri limadzipatsa lokha mungu, moti maluwa olandira mungu wachilendo amakhala ochepa kwambiri. Za GMO zichotseni m'maganizo, maonekedwe onse mwatchulawa analipo kalekale asayansi asanayambe kusintha mbewu m'malabu.

Musanapitirire kuwerenga, pitani kudimba mukayang'ane mtengo umodziumodzi. Funso lake ndi limodzi: kodi kusiyanaku kuli pakati pa mtengo ndi mtengo, kapena kuli pamtengo umodzi womwewo? Mtengo uwu ukabereka wautali yekhayekha kuyambira tsango la pansi mpaka la pamwamba, woyandikana nawo n'kubereka wobulungira yekhayekha, chimenecho ndi chibadwa, nkhani ili m'mbewu. Koma mtengo umodzi ukakhala ndi zipatso zopunduka pa tsango lina, pa tsango lina zili zosalala, imeneyo ndi nyengo kapena kasamalidwe. Malinga ndi kalata yanu, inu mwakumana nazo zonse ziwiri nthawi imodzi, ndipo chachikulu ndi choyambacho.

Chibadwa chimayendetsedwa ndi timalangizo tolembedwa m'maselo, timene asayansi amati majini. Mawuwa kwathu amachititsa nthumanzi chifukwa amamveka ngati majini a mizimu aja, koma sizikukhudzana n'komwe. Tomato ali ndi makromozomu 24, okhala awiriawiri m'magulu 12, ndipo majini amakhala mondandalika pa makromozomuwo. Pa jini lililonse mtengo umalandira kope imodzi kuchokera ku mungu, ina kuchokera ku duwa lolandira.

Kholo la tomato ndi kamtengo kakutchire ka ku Peru ndi Ecuador, kobereka tizipatso tobulungira tosaposa kukula kwa mtedza, tokhala ndi zipinda ziwiri zokha mkati. Amene munakulira m'mapulazi kapena kumudzi ku Malawi mukukumbukira tiphwetekere timene timamera tokha padzala, maonekedwe ake ndi oterowo. Chodabwitsa n'chakuti kuchoka pa kakang'ono kobulungirako kufika pa mitundu yonse imene mumaiona pa Mbare, majini amene anagwira ntchito yaikulu youmba chipatso ndi anayi okha. Awiri amaona za kuphwatalala, awiri za kutalika.

Kuti muone ntchito ya awiri oyambawo, tengani mpeni mudule tomato mopingasa, pakati penipeni, muwerenge zipinda momwe muli njere ndi madzi. Majini ake amatchedwa LC, limene lili pa kromozomu 2, ndi FAS, la pa kromozomu 11. Onse amagwira ntchito pa kansonga kanthete komwe duwa limayambira kupangika, duwalo lisanaoneke n'komwe ndi maso. Pa kansongako pali jini lina lotchedwa WUSCHEL limene limauza maselo kuti aziswana, ndi lina lotchedwa CLV3 limene limawauza kuti basi pakwana. LC ndi kusintha kwakung'ono pafupi ndi WUSCHEL komwe kumachititsa kuti lichedwe kusiya ntchito, ndiye zipinda zimachoka pa ziwiri kufika pa zitatu kapena zinayi. FAS ndi chidutswa cha DNA, ulusi umene majini amalembedwapo, chimene chinatembenuka chagada n'kufooketsa CLV3. Woletsa akafooka kansonga kamatambasuka, zipinda zimapitirira zisanu ndi chimodzi, ndipo FAS akakumana ndi LC pamtengo umodzi zimatha kudutsa 10. Chipatso cha zipinda zambiri chonchi chimakula cham'mbali, n'chifukwa chake chimaphwatalala n'kukhala ndi mizere ngati dzungu. Mtengo wotere mutha kuuzindikira usanabereke: duwa lake limakhala lonenepa, lokhala ndi timasamba tachikasu toposa tisanu kapena tisanu ndi kamodzi timene mumaona pa duwa wamba.

Khosi la peyala lija ndi ntchito ya jini lotchedwa OVATE, la pa kromozomu 2, limene gulu la Steven Tanksley ku Cornell University linalitulukira mu 2002. Likakhala lamoyo limaletsa maselo a kumtunda kwa chipatso, kufupi ndi kaphesi, kuti asaswane mopitirira muyeso cham'litali. Mu tomato wa khosi jinili ndi lakufa, ndiye mbali ya kumtundayo imatalika. Izi zimachitika duwa lisanatseguke. Mukang'amba duwa la mtengo woterowo mupeza kachiberekero kali kale ndi kakhosi. Koma OVATE wakufayo sapereka maonekedwe amodzimodzi paliponse. Pa mtundu wina amatulutsa peyala weniweni, pa wina dzira, pa wina kusintha kwake sikuoneka kwenikweni, malinga ndi majini ena amene wakhala nawo pamodzi. Apa ndi pomwe alimi ambiri amagwa mphwayi akamayesa kusankha mbewu, chifukwa chibadwa chimodzi chikuvala nkhope zingapo.

Lachinayi ndi SUN, ndipo mbiri yake ndi yochititsa chidwi kuposa onse. Mu 2008 gulu la Esther van der Knaap ku Ohio State University linaonetsa kuti chidutswa cha DNA cha zilembo pafupifupi 24,700 chinakopedwa chokha kuchoka pa kromozomu 10 n'kukadzimata pa kromozomu 7. Pamalo atsopanowo jinili linayamba kugwira ntchito mwamphamvu kwambiri kuposa kwawo kumene linachokera. Palibe munthu anachita zimenezi, zinangochitika zokha, ndipo alimi ataona tomato wautaliyo anasunga njere zake. SUN sawonjezera kwenikweni kulemera kwa chipatso, amangosintha komwe maselo akulowera: ambiri m'litali, ochepa m'mimba mwake. Ndi dongo lomwelo, woumba wangolikoka. Kulemera kuli ndi majini akeake, monga fw2.2 limene linatulukiridwa mu 2000.

Tsopano tibwere pa zipatso zanu zisanu zija. Tomato wolimba, wofanana ngati mazira, amene amadzaza Mbare kuchokera ku Mutoko, Murehwa ndi Domboshava, wambiri ndi wa haibulidi, uja papaketi pake amalemba F1. Kampani ya mbewu imasunga mitundu iwiri yosasakanizika, n'kumachotsa ndi manja mbali yachimuna ya duwa la mtundu umodzi n'kuikapo mungu wa mtundu winawo. Ndi ntchito ya duwa limodzilimodzi, n'chifukwa chake mbewuyi ndi yodula. Ana onse a ukwati umenewu amalandira theka lofanana kuchokera uku ndi theka lofanana kuchokera uko, ndiye amafanana ngati mapasa. Koma mkati mwawo abisa makope awiri osiyana pa majini ambiri. Njere zimene munafinya ndi zidzukulu, ndipo mwa zidzukulu zobisika zimatulukira poyera.

Masamu ake ndi omwe Gregor Mendel anafalitsa mu 1866. Jini lobisala ngati OVATE wakufa limaoneka bwino pokhapokha mtengo utalandira makope onse awiri akufa. Ngati haibulidi anali ndi kope imodzi yamoyo ndi ina yakufa, mdzukulu mmodzi mwa anayi alionse amalandira akufa onse awiri. Pa mbande zanu 200 ndiye kuti mitengo pafupifupi 50. Majini obisala akakhala awiri, mtengo umodzi mwa 16 umaonetsa onse awiri, kutanthauza mitengo 12 kapena 13 mwa 200. SUN yekha sabisala, kope imodzi yokha imatalikitsa kale chipatso. Sakanizani anayiwa ndi ena ang'onoang'ono, mupeza dimba looneka ngati mwafesa mapaketi asanu. Pali kuthekeranso kwina kosavuta: mulu umene munasankhapo unali wa mabokosi a alimi osiyanasiyana, ndiye zipatso zisanuzo sizinali za mtundu umodzi. Ngati munaphatikiza njere zake m'mbale imodzi, kusakanizaku kunayambira pamenepo.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri pa mbewu yobwereza si maonekedwe, koma chomwe simungachione ndi maso. Zilembo za papaketi monga V, F, N ndi TYLCV zimatanthauza kupirira ku matenda ofotetsa, ku tinyongolotsi totupitsa mizu, ndi ku matenda opiringiza masamba ofalitsidwa ndi ntchentche zoyera. Mu haibulidi wambiri kupirira kulikonse kumachokera kwa kholo limodzi lokha. Mwa zidzukulu, mtengo umodzi mwa anayi umataya chitetezo chimenecho, ndipo zimatero pa matenda alionse payekhapayekha. Alimi a chimanga amazidziwa bwino izi, chobwereza sichibereka ngati cha m'thumba.

Zipsera za kunsi zija ndi nkhani ina, ndipo ndi ya chisanu. Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, ndipo mu Juni ndi Julayi usiku kumazizira kufika pa madigiri 7, m'madimba a m'zigwa kutsikanso kuposa apo. Mbande zowokera mu Meyi zimapanga maluwa ake oyamba m'nyengo imeneyi ndendende. Kukamazizira pansi pa madigiri 13 masiku angapo otsatizana, pamene duwa likuumbika pafupifupi masabata atatu lisanatseguke, kunsi kwa kachiberekero sikutsekeka bwino. Chipatso chimakula ndi chipsera chofiirira, mabowo ndi zotupa. M'mabuku a zaulimi vutoli amalitcha catface. Apa mpamene chibadwa ndi nyengo zimakumanirana: tomato wa zipinda ziwiri kapena zitatu sagwidwa kawirikawiri, koma wa zipinda zambiri amagwidwa msanga popeza ali ndi misoko yambiri yoti itsekeke. Ndiye mitengo yanu imene inatengera kuphwatalala ndi yomwenso chisanu chaipweteka. Umboni muuona posachedwa. Matsango opangika kukayamba kufunda, chakumapeto kwa Ogasiti, adzatuluka osalala, koma adzakhalabe ophwatalala, chifukwa kuphwatalalako ndi kwa m'magazi.

Nanga feteleza? Sangasandutse wobulungira kukhala wautali. Chimene amachita ndi china. Mukachulutsa AN, feteleza wa ammonium nitrate uja, potaziyamu n'kuchepa, makamaka mungu ukakhala kuti sunagwire bwino, mumapeza tomato wamakonamakona, wopepuka, wamphako mkati ngati tsabola wamkulu uja. Njere ndi zimene zimakoka chakudya kuti chipinda chidzaze, ndiye chipinda chopanda njere chimafwapa ndipo chipatso chimapendekera mbali imodzi. Izi zimachitika m'chisanu, komanso mu Okutobala masana kukatentha kupitirira madigiri 32, pamene mungu umafa. Kugwedeza waya kapena zichiri zomangirira tomato cha m'ma 10 koloko m'mawa, mame atauma, kumathandiza mungu kugwa, makamaka mu greenhouse momwe mulibe mphepo. AN musapitirire magalamu 5 pamtengo nthawi imodzi, ndipo zipatso zikayamba kugwira onjezani feteleza wokhala ndi potaziyamu.

Chaka chino chapita kale, koma mutha kupulumutsapo ndalama. Musaike tomato yense m'bokosi limodzi. Patulani wautali payekha, wobulungira payekha, chifukwa wogula ku Mbare amatsitsa ndalama za bokosi lonse akaona asanu oipa pamwamba. Wophwatalala ndi wazipsera gulitsani pakhomo kwa ophika tsiku lomwelo. Nthawi zambiri ndi wokoma ndiwo, kungoti sapirira ulendo popeza ali ndi madzi ambiri ndipo amang'aluka msanga. Ichi n'chifukwa chake amalonda amakonda wotalikirapo: zipinda zochepa, khoma lochindikala, ndipo amatha kuyenda makilomita oposa 140 kuchokera ku Mutoko ali pansi pa anzake osaphwanyika. Tizipatso tomwe taonetsa kale chipsera tidakali tating'ono thotholani, mphamvu ipite kwa totsalato.

Pa chaka chamawa muli ndi njira zitatu, ndipo sizofanana kulemera kwake. Ngati msika wanu ndi Mbare ndipo ukufuna bokosi lofanana, gulani F1 m'paketi yomata kwa wogulitsa mbewu wovomerezeka, nyengo iliyonse, osasungako njere. Galamu imodzi imakhala ndi njere pafupifupi 300, ndiye pa mitengo 200 njere 250 zikukwanirani mukafesa imodziimodzi m'mathireyi m'malo mowaza panazale. Ngati ndalama za F1 palibe, gulani mtundu wosakhala haibulidi monga Rodade kapena Floradade, amene ndi obulungira, Roma VF amene ndi wotalika, kapena Tengeru 97 wochokera ku Tanzania. Mitundu imeneyi makope ake awiri ndi ofanana pafupifupi pa jini lililonse, ndiye mwana amafanana ndi make ndipo njere zake mutha kusunga. Dziwani kuti tomato wotalika amavutika kwambiri ndi kuwola kwakuda kwa kunsi madzi akamabwera modukizadukiza, ndiye Roma amafuna kuthirira kosadumphitsa ndi kuphimbira nthaka ndi udzu.

Njira yachitatu ndi yosankha mtundu wanuwanu kuchokera m'chisakanizo muli nachochi. N'zotheka, koma ndi ya bedi limodzi la pambali, osati yoikapo dimba lonse. M'badwo uliwonse wodzipatsa wokha mungu umachepetsa ndi theka majini osiyana makope: mwa zidzukulu zanuzi atsala theka, kenako gawo limodzi mwa anayi, kenako limodzi mwa asanu ndi atatu. Kuti mtundu ukhazikike pamafunika mibadwo isanu ndi umodzi kapena isanu ndi iwiri, zomwe ndi zaka zitatu kapena kuposa ngati mukulima kawiri pachaka. Lamulo lake ndi losankha mtengo, osati chipatso. Chipatso chimodzi chokongola pamtengo woipa chimanyamula majini a mtengo woipawo. Mangani kansanza pa mitengo imene yabereka mofanana kuyambira pansi mpaka pamwamba ndipo sinadwale, njere za mtengo uliwonse muzisunge m'pepala lakelake, ndipo mudzabzale mzere wakewake. Mzere umene watulukabe mitundumitundu usiyeni.

Kaya mwatenga njira yachiwiri kapena yachitatu, kasungidwe ka njere n'kamodzi. Tengani zipatso zopsa bwino pa tsango lachiwiri kapena lachitatu. Chipatso choyamba chachikulu chooneka ngati ziwiri zomatana chisiyeni, chimachokera ku maluwa ophatikana amene mungu wachilendo umalowamo mosavuta. Finyirani njere ndi madzi ake m'kapu, zikhale pamthunzi masiku awiri kapena atatu mpaka pamwamba pachite nkhungu yoyera, imene imadya utomoni wokuta njere. Musapitirire masiku amenewa chifukwa njere zimayamba kumera. Thirani madzi, zoyandama mutaye, zomira mutsuke n'kuyanika pambale pamthunzi kwa sabata, kenako mutseke m'botolo louma pamalo ozizira. Zotere zimamerabe patatha zaka zinayi. Apa pokha ndi pomwe aneba akulowa m'nkhani: bedi la mbewu litalikirane ndi mtundu wina mamita 10 kapena kuposa, kapena mangani kansalu ka neti pa tsango maluwa asanatseguke, n'kudzachotsa tizipatso tikagwira.

Pa chisanu, ngati dimba lili m'chigwa ndi bwino kusuntha nthawi kuti maluwa asakumane ndi Juni ndi Julayi, mwina powokera mu Febuluwale ndi Malichi, kapena kudikira Ogasiti. Tomato wa m'chisanu amagulidwa bwino, ndiye ngati mukumufunabe, sankhani wotalikirapo wa zipinda zochepa, mangani mpanda wa udzu mbali yochokera mphepo, ndipo usiku phimbani ndi nsalu yoteteza chisanu.

Pali zizindikiro zina zimene sizikukhudzana ndi zonse tanenazi, ndipo zikaoneka musadikire. Masamba a kunsonga akakhala opyapyala, opotoka ngati zingwe, zipatso n'kumatuluka ndi kamlomo kosongoka kunsi koma njere zochepa, ganizirani mankhwala opha udzu monga 2,4-D. Tomato amawamva ngakhale atangouluzika ndi mphepo kuchokera m'munda wa chimanga, kapena atatsalira m'sipuleya. Sipuleya yopopera udzu isamagwirenso tomato ngakhale mutaitsuka. Mitengo ikapinimbira, masamba n'kupiringizika ndi kuchita chikasu, kapena zipatso zikakhala ndi mabala ozungulira ngati mphete, amenewo angakhale matenda a vairasi, amene alibe mankhwala ndipo amafalikira. Timabowo ting'onoting'ono pansi pa kaphesi ndi mbozi ya Tuta absoluta. Zikatero zulani mtengo umodzi wathunthu ndi mizu yomwe, muuike m'pepala lapulasitiki pamodzi ndi zipatso zitatu kapena zinayi, mupite nawo kwa mlangizi wa zaulimi wa boma wa m'dera lanu tsiku lomwelo usanafote. Muwauze tsiku lomwe munawokera, feteleza ndi mankhwala onse amene mwathira, komanso kuti mbewu inali yofinya ku tomato wa pamsika.